Lilime Linatuluka Alendo Akuimba

Lolemba, 5 Okutobala 1987

Andigoneka lero m'wodi ya amayi. Mabedi alipo khumi ndi asanu ndi atatu, odwala tilipo makumi awiri ndi atatu. Asanu agona pamphasa. Ine andipatsa bedi lachinayi kuchokera pakhomo, mwina chifukwa cha imvi, mwina chifukwa Sisitala Lizzie, amene amayang'anira wodi ino, ndinamuphunzitsa masamu ku Nkope ali kamtsikana.

Chotupa chili m'mimba chakumanzere. Adokotala akuti ndi chachikulu ngati papaya wamng'ono, ndipo achichotsa Lachitatu. BP 150/90. Magazi akuti ndi okwanira. Ndikulemera makilogalamu 54. Chaka chatha ndinali 59.

Mwana wanga Gilford wandiperekeza, kenako wathamangira kusekondale kumene amaphunzitsa. Wondidikirira ndi mkazi wake, Janeth. Wabweretsa fulasiki, beseni ndi kope ili, akuti ndisamasowe chochita. Kukutentha kwambiri. Mwa mafani atatu a kudenga, imodzi yokha ndiyo ikuzungulira.

Lachiwiri, 6 Okutobala

Pabedi lachisanu pali Mwanabibi, mayi wa ku Chembe wogulitsa usipa wouma. Anabayidwa ndi munga wa kampango kuphazi, mwendo n'kutupa mpaka m'bondo. Sadziwa kulankhula motsitsa.

"A Mwalimu, mukulemba chiyani m'kopemo? Mayina athu?"

"Ndikulemba za mankhwala."

"Lembanimonso kuti nyemba za lero zinali zofumbwa. Walahi, tadya nyama ife lero."

Masana kunabwera Bambo Jaffalie, amene amagonetsa odwala ku thiyeta. Ndi munthu wamfupi, wofatsa. Anandimvetsera pachifuwa, n'kundiyang'ana m'kamwa. Ndinawauza kuti mano atsala makumi awiri ndi limodzi. Anawerenga napeza omwewo. Anafunsa ngati ndinagonetsedwapo ndi mankhwala. Sindinagonetsedwepo. Akuti mpweya wogonetsa umabweretsa mseru, ndipo kusanza kungadule ulusi, choncho adzandibaya jakisoni woletsa kusanza ndisanadzuke. Ndinawapempha dzina lake. Anandilembera okha: metoclopramide, mamiligalamu khumi.

Kuyambira madzulo ano osadya kanthu. Mantha alipo, koma ochepa.

Lachitatu, 7 Okutobala

Andimeta, andiveka chovala chotseguka kumbuyo. Mphete ndapatsa Janeth. Ndine wachiwiri pamzere.

Lachinayi, 8 Okutobala, m'mawa

Opaleshoni inatheka. Janeth anachiona chotupacho m'mbale, akuti chinali choposa papaya. Asoka malo khumi ndi amodzi. Diripi ili kudzanja lamanzere.

Bala likupweteka monga ndinayembekezera. Chimene sindinayembekezere ndi miyendo. Sikufuna kukhala malo amodzi. Ndikaitambasula ikufuna kupindidwa, ndikaipinda ikufuna kutambasulidwa. Mumtima muli ngati ndikuchedwa basi, chonsecho palibe kumene ndikupita. Sisitala akuti ndi mankhwala ogonetsa akutha m'thupi.

Ndasanza kawiri. Andibayanso jakisoni uja.

Akukolopa mwamphamvu. Masana kubwera amayi a Chipani kudzaona odwala, poti Tsiku la Anakubala layandikira. Ogona pansi awasamutsira kukhonde lakuseri. Tapatsidwa nsalu zoyera zatsopano. Akuti azitenganso alendo akapita.

Ndatopa.

Lachisanu, 9 Okutobala

Ndilemba mwadongosolo monga zinachitikira, chifukwa anthu ayamba kale kuzinena mosiyana.

Alendo analowa dzulo masana, amayi khumi ndi anayi, onse atavala nsalu ya Chipani yokhala ndi nkhope ya Mtsogoleri. Patsogolo panali Mayi Enelesi Kandulu, tcheya wawo. Anali ndi dengu la sopo. Ankaima pabedi lililonse n'kupereka sopo mmodzi, wodwala n'kuwomba m'manja.

Ali pabedi lachiwiri ndinamva khosi likuuma. Ndinaganiza kuti ndi pilo. Ali pa lachitatu nsagwada zinayamba kukokeka. Atafika pa ine, Sisitala Lizzie anati, "Awa ndi Mayi Ethel Mkata, mphunzitsi wopuma. Anaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zinayi." Mayi Kandulu anakondwa, nati mayi wotere ayenera nyimbo. Anayambitsa nyimbo yotamanda Mtsogoleri, onse n'kuzungulira bedi langa.

Pamenepo mutu wanga unapotokera kumbali wokha, ngati wina waugwira ndi manja awiri. Maso anakwera kudenga, osatheka kuwatsitsa. Pakamwa panatseguka, lilime n'kutuluka lonse. Ndinkamva zonse. Nzeru zinali bwinobwino. Ndinafuna kunena kuti pepani, ndithandizeni; chimene chinatuluka ndi phokoso ngati la mbuzi, pakati pa nyimbo.

Nyimbo inafa pang'onopang'ono. Akumbuyo, amene sankandiona, ndiwo anamaliza kuleka.

"Akutani mayiwa?" anatero Mayi Kandulu. "Mayi, bwezani lilimelo. Mukudziwa amene tikumuimbira?"

Lilime silinabwerere. Malovu ankatsikira pansalu yoyera ija. Janeth ankalira uku akundigwedeza phewa. Sisitala anati mwina ndi sitiroko, nathamangira kukaitana thandizo. Mwanabibi yekha ndiye ankakuwa, "Siyani mafunso, munthu akufa uyu!" Alendo anatuluka osamaliza mabedi. Janeth akuti sopo wanga anamubwezera m'dengu.

Bambo Jaffalie anabwera akuthamanga. Atangondiona anafunsa kuti jakisoni woletsa kusanza ndabayidwa kangati. Anathira mankhwala ena mu diripi, diazepam. Posakhalitsa khosi linamasuka, maso anatsika, lilime linalowa. Ndinagona pang'ono. Podzuka ndinapempha tiyi, anandilola theka la kapu.

Kufotokoza kwa Bambo Jaffalie ndi uku. Mankhwala oletsa kusanza amagwira ntchito mu ubongo. Mwa anthu ochepa amasokonezanso mbali imene imalamula minyewa, ndiye minyewa imadzikoka yokha. Miyendo ija chinali chizindikiro choyamba, ndipo jakisoni wachiwiri anawonjezera. Si sitiroko, si khunyu, si misala. Zimachitikira kwambiri achinyamata, koma nkhalambanso sizisiyidwa. Pantchito yawo yonse aziona katatu. Alemba ndi inki yofiira pakhadi langa kuti ndisadzabayidwenso mankhwala amenewa.

Sindinkadziwa kuti thupi lingamutaye mwini wake chotero, iye akuona.

Loweruka, 10 Okutobala

Diripi achotsa. Ndadya phala supuni zisanu ndi ziwiri.

Gilford wabwera nthawi imene si ya alendo. Sanakhale pansi.

Mmodzi wa amayi aja anatsalira pakhonde kuona m'bale wake, ndipo anandiona pazenera ndikumwa tiyi. Ndiye m'tauni monse nkhani ndi yakuti ndinachita dala: alendo alipo lilime panja, alendo atapita tiyi. Dzulo kusukulu kunafika amuna awiri. Anamufunsa Gilford kuti kwathu n'kuti, ngakhale akudziwa. Ine ndi malemu bambo ake tinabadwira ku Malindi, ndipo kuyambira chipolowe choukira boma chimene chinachokera kumeneko mu 1965 dzina limenelo silimveka bwino m'makutu a Chipani. Ahedi amuuza kuti asalowe m'kalasi mpaka nkhaniyi ithe. Tonse tikudziwa kumene nkhani zotere zimathera. Mnzake wina anatengedwa chaka chatha, ndipo mkazi wake anamutulutsira katundu panja pa nyumba ya sukulu mvula ikugwa. Gilford ali ndi ana asanu.

"Amayi, tingonena kuti mutu wanu sukuyenda bwino. Kuti munayamba kale kuiwalaiwala. Akutumizani kuchipatala cha ku Zomba mwezi umodzi, nkhani yatha."

"Ndinene kuti ndine wamisala?"

"Munthu wodwala mutu samutengera kupolisi, Amayi."

"Nanga ana ako aakazi adzakwatiwa ndi ndani, zikamveka kuti kwanu kuli misala?"

"Adzakwatiwa ndi ndani bambo awo ali kundende?"

Zonsezi ankanong'oneza, maso ali kukhomo. Mwana amene ndinamubereka akuopa kukhala pabedi langa.

BP 170/100. Madzulo sindinadye.

Lamlungu, 11 Okutobala

A mpingo anabwera ndi pemphero. Anaimirira pakati pa wodi, napempherera odwala onse pamodzi, osafika pabedi langa. Awiri mwa iwo ndinawaimira paubatizo. Sisitala Lizzie amandisintha bandeji osalankhula, koma manja ake ndi ofewa monga kale.

Mwamuna wa Mwanabibi wabweretsa mpunga ndi chambo chowotcha. Mwanabibi wagawa pakati n'kundiikira pambale yanga, anthu onse akuona.

"Idyani, a Mwalimu. Lilime limenelo lagwira ntchito yaikulu, lilandire malipiro ake."

Ndinaseka, bala n'kundikumbutsa.

Chakumadzulo kunabwera Bambo Jaffalie. Anapita okha ku ofesi ya Chipani ndi buku lawo la mankhwala, nawaonetsa tsamba lake. Mayi Kandulu anati buku ndi la azungu, ndipo iwo anaberekera m'chipatala ana asanu ndi awiri, jakisoni wa mtundu uliwonse anabayidwa, lilime silinatulukepo. Mawu awo omaliza ndi awa: ngati ndi mankhwala, abayeninso tidzaone ndi maso athu. Abwera Lachiwiri m'mawa ndi mmodzi wa amuna aja. Lilime likatuluka, nkhani yatha. Likapanda kutuluka, Gilford ndi ine tikayankha.

Ndinafunsa kawiri ngati ndamva bwino. Ndamva bwino. Akufuna kudzakhala pamipando n'kumaonerera.

Ndinati ndavomera. Bambo Jaffalie anangoyang'ana khadi langa n'kuchoka.

Jakisoni ameneyo ndikumuopa kuposa mpeni. Koma Zomba ayi.

Lolemba, 12 Okutobala

Bala likuuma bwino. Mapiritsi a ululu awiri m'mawa, awiri masana. Ndayenda ndekha mpaka pakhonde.

Bambo Jaffalie anabwera dzuwa lili paliwombo, anthu atagona ndi kutentha, Janeth atapita kumsika. Anakoka nsalu yotchinga ngati akuona bala.

"Amayi, mankhwala aja sindikubayani."

"Ndavomera ndine."

"Mwavomera inu, koma dzanja ndi langa. Ulendo uno angagwire minyewa ya pammero. Mukalephera kupuma ndidzanena chiyani kwa Mulungu? Komanso mwina osachitika n'komwe. Sizibwera nthawi zonse."

"Ndiye mwana wanga?"

"Kabotolo kamene adzaone ndi kenikeni. Koma pathireyi padzakhala jakisoni wina, wa madzi. Ndidzabaya ameneyo."

"Nanga iwo adzaona chiyani?"

Anawerama, natsitsa mawu.

"Zimenezo ndi zanu, Amayi. Mudzadikire ndithu, musadzayambe msanga. Ndikadzabaya wachiwiri, wa madzinso, mudzawerenge mpaka zana, kenako mudzamasuke pang'onopang'ono."

Ndinawauza kuti zikadziwika, woyamba kutengedwa ndi iwo. Anati akudziwa, ndipo ana ali nawo atatu.

Atachoka ndinakhala ngati andimenya. Moyo wanga wonse ndakwapula ana a eni chifukwa cha bodza. Ndipo panali vuto lina: nkhope yanga tsiku lija sindinaione. Ndinangoimva.

Kuseri kwa nsalu kunamveka mawu a Mwanabibi, kwa nthawi yoyamba otsitsa.

"A Mwalimu, ine khutu ili ndi logontha, sindinamve kanthu. Koma mutu unapita kumanzere, osati kumanja."

Tinapita kubafa awiri, iye akutsimphina, ine nditagwira bala. Anatseka chitseko n'kuchitsamira ndi msana.

"Yambani tione."

Ndinayesa.

"Iyayi! Kumeneko n'kuseweretsa khanda. Lija silinkagwedezeka, linali gwa ngati chinangwa. Maso m'mwamba, kutsale koyera kokhakokha. Osaphethira."

Ndinayesanso.

"Phewa ili likwere. Malovu musameze, a Mwalimu, ulemu usiyeni ku Nkope. Tsopano kulira kuja."

"Kunali kotani?"

Anandionetsa. Anapotola khosi, anatembenuza maso, anatulutsa lilime, nalira. Pamenepo ndinadziona mmene ndinalili Lachinayi, pankhope ya munthu wina. Ndinakhala pandowa. Amayi khumi ndi anayi anaona zimenezo. Mpongozi wanga anaona zimenezo.

"Dzukani, sitinamalize," anatero Mwanabibi.

Tinabwereza kasanu ndi kamodzi. Pomaliza anati, "Basi, mwakhoza. Eyiti pa teni. Ziwirizo muzipeza mawa ndi mantha."

Gilford ndi Janeth sitiwauza. Nkhope zawo ziyenera kukhala zoona.

Lachitatu, 14 Okutobala

Dzulo sindinathe kugwira cholembera.

Anafika anthu anayi: Mayi Kandulu, amayi ena awiri, ndi mwamuna wa jekete yotuwa amene sanatchule dzina lake. Anawaikira mipando kumiyendo kwa bedi. Gilford anaima kukhoma, Janeth pambali pake. Odwala onse anatembenukira mbali ina, koma palibe amene anali mtulo.

Bambo Jaffalie anaonetsa kabotolo. Mwamuna uja anawerenga dzina lake chilembo ndi chilembo, nalemba. Anakathyola pamaso pawo, anakoka mankhwala, anaika pathireyi kuti ayambe afuna mtsempha. Ine amene ndinkadziwa sindinaone pamene anasintha. Mpaka singano ikulowa sindinali wotsimikiza kuti asinthadi. M'mkono munazizira. Ndinamvetsera khosi langa. Linali langa.

Tinadikira. Mayi Kandulu ankadzikupiza ndi nyuzipepala. Mmodzi wa anzawo anayamba kuwodzera. Atatopa anati, "Mwaona, bambo? Palibe chilichonse." Gilford anatseka maso. Mwamuna uja anayamba kubweza cholembera m'thumba.

Ndinayamba ndi miyendo, monga zinayambira. Kenako phewa. Kenako mutu kumanzere, maso kudenga, lilime lonse panja. Janeth anakuwa. Mpando unagwa. Ndinamva Mwanabibi: "Ndi zomwe zija! Mwapha mayi wa eni, mwakondwa tsopano?" Ndinatulutsa kulira kuja.

"Ambuye Yesu," anatero Mayi Kandulu. "Adokotala, abayeni winayo. Taona, taona. Abayeni msanga!"

"Abwana ayambe alemba," anatero Bambo Jaffalie.

"Ndalemba," anatero mwamuna uja. Mawu ake anachokera kutali; anali kale pakhomo.

Singano yachiwiri inalowa. Ndinayamba kuwerenga. Mayi Kandulu anabwera mbali imene mutu unapotokera, nandigwira dzanja. Chikhatho chawo chinali chonyowa. Ankanong'oneza kuti pepani mayi, ifenso timafunsidwa, tikapanda kunena ife amanena ena. Lilime langa linali pafupi ndi nkhope yawo, pafupinso ndi nkhope ina ija yosindikizidwa pansalu yawo.

Ndinafika pa zana. Khosi linkapweteka, maso akuyaka, bala likukoka. Palibe chimene chinkandigwira. Kumbali ya diso ndinkaona Gilford, bambo wa ana asanu, ataima kukhoma manja kumbuyo ngati mwana wodikira chikwapu. Ndinapitiriza kuwerenga. Bambo Jaffalie anakhosomola. Anandifinya chala. "Mankhwala akuchedwa lero," anatero. Ndinabweza lilime pa mazana awiri ndi makumi anayi.

Gilford abwerera m'kalasi mawa. Alendo atapita anagwada pambali pa bedi, mutu pamatiresi, akulira. Anati, "Amayi, mwalolera kubayidwanso chifukwa cha ine." Ndinamusisita mutu. Sindidzamuuza, ndipo masamba awa ndikawatentha ndikafika kunyumba.

BP 145/90. Ulusi achotsa Lachisanu, Loweruka ndituluka. Khosi likupweteka kuposa ulendo woyamba. Bambo Jaffalie anadutsa lero, anafunsa za bala lokha, ine ndinayankha za bala lokha.

Za mankhwala ndazimvetsa. Chimene sindikumvetsa ndi kuyambira pa zana kupita m'tsogolo. Nyimbo zotamanda zija ndaziimba zaka zoposa makumi awiri, ndaphunzitsa ana kuziimba, ndakonza amene ankaphonya mawu. Sindinkadziwa kuti ndili nazo mawu anga.

Mwanabibi amutulutsa lero. Atamanga katundu wake anawerama ngati akufuna patapata pansi pa bedi langa.

"A Mwalimu," anatero, "ine ndinakuphunzitsani lalifupi. Lotalika lija munaphunzira kuti?"